Apongozi asatsale kunyumba: kuyankha mayi wa ku Chilomoni pa za ulendo wa ku Likhubula

Imelo iyi yagona mufoni mwanga masabata awiri. Ndimati ndikaitsegula, ndiwerenga, n'kuitsekanso. Mayi wina wa ku Chilomoni akuti banja lawo likufuna kukadyera Khirisimasi ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje: kuyala mkeka pamtsinje, kenako kukwera kukaona mathithi a pa Dziwe la Nkhalamba. Ali ndi ana atatu komanso apongozi a zaka 71 amene mawondo amawavuta. Bambo akunyumba akuti agogowo atsale, "angatichedwetse." Ndiye akufunsa ngati pamtsinjepo pali malo oti munthu wamkulu n'kukhala bwinobwino, komanso ngati gaidi ndi wofunikadi kapena n'kungotaya ndalama.

Mayi, ndikuyankhani, musadandaule. Koma mawu akuti "angatichedwetse" andilasa pamtima, chifukwa ine ndinawayankhulapo ndi pakamwa panga pomwepa, ndipo amene ndinkawanenawo anali bambo anga ondibereka.

Bambo anga anabadwira m'tsinde mwa phiri lomwelo la Mulanje. Asanabwere ku Limbe kudzayamba ntchito ya ulonda, unyamata wawo wonse unathera pa kusenza matabwa a mkungudza. Ankalawira kusanache, kukwera mpaka ku Chambe kumene amuna ankacheka mitengo padzenje, wina pamwamba wina pansi utuchi ukumuthothokera m'maso, kenako n'kutsika thabwa lili pamutu, kuphazi kulibe nsapato. Ife tinakulira ku Bangwe. Phirilo tinkangoliona patali tsiku limene kunja kwayera, ndipo bambo sankakonda kulikamba. Ukawafunsa ankangoti, "Kuphiri n'kuntchito," basi nkhani yatha.

Chaka chimene ndinagula galimoto yanga yoyamba, kachikale kokhosomola utsi, ndinaganiza zowachitira chinthu chachikulu: kuwabweza kuphiri kwawo ngati mlendo, akapume pamene ankavutikira. Mumtima ndinkadziona ngati mwana wolongosoka kwambiri. Mayi akunyumba anaphika mpunga ndi nkhuku usiku, thobwa tinathira m'chigubu cha malita 5, tinanyamuka m'bandakucha kudzera msewu wa Midima. Bambo anavala jekete yawo ya kutchalitchi. Ndinawauza kuti kuphiri sikofunika jekete, iwo anangondiyang'ana. Pa Chitakale tinagula chinanazi ndi nzimbe, n'kukhotera msewu wa ku Phalombe. Kuchoka pamenepo kukafika ku Likhubula ndi makilomita pafupifupi 10, ndipo njira yonseyo khoma la Chambe limakhala lili kutsogolo kwako, thanthwe limodzi lotuwa, kuimirira ngati lakudikirira. Ana anasiya kukangana okha.

Pachipata cha a zankhalango ndi pamene ndinayamba kudzionetsa uchitsiru. Anyamata olondolera njira anatizinga, aliyense akulonjera. Ndinasankha mmodzi, wamfupi, wovala nsapato zothera kuchidendene. Atatchula mtengo, ine ndinaseka mokweza kuti onse amve. Ndinamuuza kuti sindine mzungu, kwathu n'konkuno, ndipo njira ya kumathithi ngakhale mbuzi ikuidziwa. Ndinamunenerera mpaka anatsika kufika theka. Anavomera akuyang'ana pansi, poti m'mawa umenewo galimoto zinali zochepa. Ndinacheuka kuyang'ana bambo ndikuyembekeza kuti andiyamikire kuti mwana wawo saberedwa. Iwo anali akuyang'ana mapazi a mnyamatayo.

Tinauyamba ulendo. Munthu woyenda bwino amafika pamathithi pasanathe ola, koma ife patatha mphindi 30 tinali tisanapite patali. Bambo ankaima pafupipafupi. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi mawondo okha, koma ankaimanso poti aone. Apa panali mtengo waukulu umene ankatsamiritsapo thabwa popuma. Uko n'kumene kunkadutsa chingwe cha waya chotsitsira matabwa kuchoka ku Chambe, n'chifukwa chake njira inayo mpaka lero imatchedwa Skyline. Gaidi uja anayamba kuwafunsa mafunso, iwo n'kumayankha, awiriwo n'kumatsalira m'mbuyo ngati munthu ndi mdzukulu wake. Ine mtima unali m'mwamba. Ndinkafuna tikafike dzuwa lisanakwere kuti zithunzi zikaoneke bwino. Ndiye ndinanong'oneza mayi akunyumba kuti, "Madalawa atichedwetsa, bola akanatsala."

Ndinkayesa ndanong'ona. Koma m'nkhalango mawu amayenda.

Titafika pamene njira imayandikira mtsinje, pali thanthwe lalikulu lafulati pansi pa mthunzi, bambo anavula jekete, anaipinda bwinobwino, n'kukhala pansi. "Pitani inu," anatero. "Ine mathithiwo ndinawaona kokwanira. Mundisiyire akazangawa andisunge." Ankanena mwana wathu wamng'ono, wa zaka zisanu nthawi imeneyo, amene naye anali atayamba kulira kuti abelekedwe. Ndikanakhala munthu, ndikanakhala nawo pansi. Koma kunena zoona ndinamva kupepukidwa. Tinawasiyira chigubu cha thobwa ndi nzimbe, ife n'kuthamangira kumtunda.

Mathithiwo ndi okongola, sindingakunamizeni. Umayamba kuwamva usanawaone, kenako mpweya umasintha, kumazizira ngati wina watsegula fuliji. Madzi amatsika pathanthwe n'kugwera m'dziwe lakuya, lobiriwira chakuda pakati, loyera m'mbali moti timiyala tapansi umatiwerenga. Ukaviika phazi, kuzizira kwake kumakafika m'mano. Ndinajambula zithunzi zopitirira 40. Tinakhalapo mwina mphindi 20, chifukwa kunena zoona ukajambula n'kusambako pang'ono, palibenso chochita, ndipo gulu lina linali litafika ndi sipika.

Pobwerera tinawapeza bambo atapinda thalauza mpaka m'mawondo, mapazi ali m'madzi, akusenda nzimbe ndi mano amene anawatsalira. Mwana anali atakhala kumbuyo kwawo akuwasisita pamutu. Atandiona anakuwa, "Adadi, bwerani muone, agogo ali ndi msewu pamutu!" Ndinayandikira. Paliwombo pawo panali malo osalala, olimba ngati chikopa cha ng'oma, pamene tsitsi silinkamera. Ine ndinkadziwa kuti bambo ali ndi dazi. Zaka zonsezo sindinadziwe kuti si dazi, ndi pamene pankakhala nkhata ndi thabwa. Mwana wa zaka zisanu anazidziwa pa ola limodzi chifukwa anakhala pansi n'kufunsa.

Tinadyera pathanthwe pomwepo. Bambo anaitana gaidi uja kuti adye nafe, anamupatsa ntchafu ya nkhuku imene mayi akunyumba anawasungira iwowo. Titatsikira kuchipata ine n'kumulipira theka langa lija, ndinaona bambo akumasula kampango kawo kam'thumba. Anawerenga ndalama zawo zaulonda, zopindikapindika, n'kukwaniritsa mtengo umene mnyamatayo anatchula poyamba. Sanandiyang'ane, sanandidzudzule. M'galimoto, tikudutsa m'minda ya tiyi, anangoti, "Mwendo wa munthu sanenerera." Mpaka ku Bangwe sanayankhulenso.

Anamwalira patapita zaka ziwiri. Zithunzi za mathithi ndikadali nazo zonse. Cha iwo mapazi ali m'madzi ndilibe ngakhale chimodzi.

Ndiye mayi, mukandifunsa ngati apongozi apite, mwaona kale kumene ndaima. Ndipo ndinene mosapsatira, amuna anu akulakwitsa monga ndinalakwitsira ine. Iwo akuganiza kuti ulendowu ndi wa kumathithi, ndipo mtsinje ndi pongodikirira ngati pa depoti. Ayi. Tsiku lonse limathera pamtsinje. Kumathithi mukapita, mujambula, mubwerako. Chimene ana anu adzakumbukire ndi pamene anadyera, amene anawasendera chinanazi, ndi nkhani imene anamva. Anthu a m'tauni tatengera khalidwe loyenda ngati tikukasaina kaundula: tafika, tajambula, taika pa WhatsApp, tiyeni. Munthu wokalamba amasokoneza dongosolo limeneli, n'chifukwa chake timamuona ngati katundu. Koma dongosololo ndi limene lili lopusa.

Komanso taganizani dzina la malowo. Dziwe la Nkhalamba! Anthu a m'deralo amasimba kuti kale, ukafika mwakachetechete, unkatha kuona okalamba a imvi atakhala pamiyala, mizimu ya makolo, ndipo ankazimirira ukangoyandikira. Ena amati m'phirimo umatha kupeza chakudya chophikaphika chili panjira, ndipo lamulo lake n'lakuti udye wekha osaitana mnzako. Kaya inu mumazikhulupirira kaya ayi, zimenezo n'zanu ndi abusa anu. Koma mu 2025 a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, anaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo chifukwa chachikulu chinali chikhalidwe chomwechi, kuti kwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe phirili ndi mokhala mizimu ya makolo. Ndiye ife tizipita kudziwe la nkhalamba titatsekera nkhalamba yathu m'nyumba ku Chilomoni? Inu zikukumvekerani?

Poti ndatchula sipika, ndiloleni ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani imeneyi imandiwawa. Munthu wachoka ku Blantyre, wayenda ola ndi theka kuthawa phokoso la mabala ndi ma minibasi, wafika pamalo pamene madzi akuimba okha, ndiye choyamba kutulutsa m'galimoto ndi chisipika chachikulu ngati mbaula. Bwanji osangokhala pakhonde kwanu? Ndipo kumene kuli sipika, mowa suchedwa, ndipo kumene kuli mowa ndi dziwe lakuya, mapeto ake timawadziwa. Dziwe la Nkhalamba lamezapo anthu, kawirikawiri achinyamata obwera pagulu nthawi ya zikondwerero. Ena amati ndi mizimu. Ine ndimaona zinthu zitatu: madzi ozizira kwambiri amene amaumitsa minofu ukangodumphiramo thupi lili lotentha, kuya kumene sikuoneka ndi maso, ndi mphamvu ya madzi pamene akugwera, imene imakukokera pansi. Onjezanipo mabotolo awiri ndi anzako okuchemerera. Wosambira wa ku Mudi kapena wa m'damu la pa sukulu asadziyese katswiri pamenepo.

Nkhani ya mabotolo ndi mapepala a chipisi ndiye musandiyambitse. Inu a ku Blantyre makamaka. Kuchokera mu 2019, ena mwa madzi amene a Blantyre Water Board amagawa amachokera mumtsinje womwewu wa Likhubula, kudzera m'mapaipi mpaka ku Nguludi kumene amawayeretsa. Anthu a ku Mulanje ena sanakondwe nazo pamene ntchitoyi inkayamba, ankafunsa kuti madzi athu apita bwanji kutauni pamene phiri likutha mitengo. Ndiye madzi awo tikumwa, n'kubweranso kudzawasiyira matewera a ana m'mphepete mwa mtsinje umene amayi akumunsi amachapamo ndi kutungamo. Tengani jumbo yaikulu, chilichonse chimene mwabwera nacho chibwerere m'galimoto. Makoko a chinanazi omwe, chifukwa anyani akazolowera zakudya za anthu amasanduka akuba.

Ndipo poti bambo anga anali m'gulu la osenza mkungudza, sindingadziyeretse. Mtengo umenewu ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko kupatula paphiri limeneli. Atawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Ena mwa matabwa amene anatha aja anadutsa pamutu pa bambo anga, ndipo ndalama yake inagula mayunifolomu a achimwene anga. Sindiwaweruza, njala siidikira mtengo kukula. Koma pachipata mukaona timabokosi tonunkhira bwino ta mkungudza, dzifunseni kuti thabwalo lachokera kuti. Ine ndinasiya kugula. Ndodo yoyendera ya mtengo wamba ndiye gulani, apongozi idzawathandiza, ndipo mnyamata wogulitsayo adyako.

Za gaidi

Mutengeni. Zoona, njira ya kumathithi si ya ku Sapitwa, pansonga penipeni pa phirili, kumene ndi mamita 3,002 ndipo anthu asowako osapezekanso. Tsiku lowala bwino mukhoza kufika nokha. Koma m'munsimo tinjira ta otola nkhuni n'tambiri, timafanana, ndipo muli ndi ana atatu. Safunsa anadya phula. Gaidi amadziwa mwala umene uli ndi ndere zoterera, mbali ya dziwe imene mwana angaviike mapazi, ndiponso amayang'ana mitambo ya kumtunda pamene inu mukuyang'ana foni. Anyamata amenewa ali ndi bungwe lawo, ndipo mitengo yake mukafunse ku ofesi ya zankhalango pachipata pomwepo kuti pasakhale kukokana. Mukauzidwa, perekani. Ngati mukufuna kudziwa kuti miyendo imeneyi ndi yotani, pitani mu July mukaonere mpikisano wa Porters Race, umene umayambira pa Likhubula pomwepo: makilomita opitirira 20 kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, ndipo opambana amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Inu ndi ine ulendo umenewo ndi wa masiku awiri, kubwerako tikutsimphina.

Za Khirisimasi

Apa ndiye ndikukhumudwitsani. Kukanakhala kwa ine, ndikanasuntha tsikulo. December ndi dzinja, ndipo mvula ya kuphiri siyenderana ndi ya pansi. Pamene mwakhalapo dzuwa likhoza kumawala, kumtunda ku Chambe kukugwa chimvula, ndipo madzi onsewo njira yake ndi imodzi. Mtsinje umene unali wofika m'akakolo umadzaza pa mphindi zochepa. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu March 2023, kapena akuluakulu amene akukumbukira napolo wa ku Phalombe mu 1991, sachita nawo masewera madzi otsika m'phiri limeneli. Zipsera za Freddy mukaziona nokha m'mbali mwa phiri, mizere yoyera pamene nthaka inakokoloka. Madzi saiwala khwawa, ndipo thanthwe lafulati lokoma kuyalapo mkeka lija linasalala chifukwa madzi amadutsapo.

Kuwonjezera apo, pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere ndi pamene kumadzaza magulu a sipika aja. Nthawi yabwino ndi kuyambira May mvula itatha, madzi akadali ambiri koma oyera, kapena September ndi October pamene kutentha kumachititsa kuti madzi ozizirawo akome. June ndi July kumakhala chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu kochokera mbali ya ku Mozambique, ndipo mawondo a munthu wamkulu sagwirizana nako.

Koma ndikudziwa kuti tchuthi sichisankhidwa, mwina amuna anu amapuma masiku okhawo. Ngati ndi choncho, pitani pa 27 kapena pa 28, osati pa 25 penipeni. Nyamukani ku Blantyre 6 koloko isanakwane kuti pofika masana mukhale mutatsika kale, poti mvula imakonda kubwera chakumasana. Malo a apongozi alipo, ndipo safunika kukwera n'komwe: chakumunsi, kufupi ndi ofesi ya zankhalango ndi nyumba ya alendo ya CCAP, mtsinje umayenda pamatanthwe osalala n'kupanga timaiwe tating'ono, pali mithunzi, ndipo kuchoka pamene mwaimika galimoto ndi kuyenda pang'ono chabe. Muuzeni gaidi akusankhireni pokhala pokwererapo, osati pakati pa mtsinje, ndipo madzi akayamba kuda kapena kubweretsa masamba ndi tinthambi, nyamukani osayamba mwatsiriza kudya. Atengereni kampando kopinda chifukwa kudzuka pamkeka ndi mawondo ovuta ndi nkhondo, chitenje chowonjezera, ndi mankhwala awo. Chakudya phikirani kunyumba, musakasonkhe moto m'nkhalango. Ana avale nsapato zomanga, osati patapata. Tengani ndalama zapamanja zing'onozing'ono za pachipata, za gaidi ndi za chinanazi. Ngati mulibe galimoto, minibasi ya ku Mulanje ikutsitsani pa Chitakale, pamenepo mupeza ma Sienta ndi njinga zamoto za ku Likhubula, koma apongozi musawakweze kabaza.

Ndipo asatsale okha pamtsinjepo. Mugawane: wina akwere ndi ana akuluakulu ndi gaidi, wina akhale. Ngati mungathe, mukonze zoti wokhalayo akhale mwana wawo, inu mukwere. Sindikudziwa kuti amuna anu anakhala liti maola awiri ndi mayi awo popanda TV kapena foni yogwira netiweki bwino, koma ndikukayika ngati ndi chaka chino.

Chinthu china chimene mwina simunachite, poti mu imelo yanu simunatchule: afunseni eni akewo. Mwina akana, ati ine za m'mapiri ayi, ndisiyeni ndipite kutchalitchi. Mwinanso mudzadabwa kumva kuti anafikako kale ali mtsikana, ndi a sukulu kapena a Mvano, ndipo njira akuidziwa kuposa nonsenu.

Mwana wanga uja tsopano ali ku sekondale. Chaka chatha tinapitanso, ndipo ndinamufunsa ngati akukumbukira mathithi a ulendo woyamba uja. Anandikumbutsa kuti iye sanafikeko, anatsala ndi agogo. Thanthwe lija tinalifuna, koma pambuyo pa Freddy mtsinje unasuntha miyala yambiri, ndipo tinatsutsana pakati pa awiri oyandikana. Iye anaumirira lakumtunda, ine lakumunsi. Tinadyera pa lake. Mpeni wosendera chinanazi ndinali nditauiwalanso, kachiwiri tsopano, moti tinachita kubwereka chikwanje kwa mayi wina wotola nkhuni. Inu musauiwale, pamodzi ndi mchere.